Zenera Loyera la ku Tsangano

Amuna anga a Victorino amajambula maukwati. Mu Matundo muno, dera lathu la mumzinda wa Tete, mukaona mkwatibwi watuluka mu vidiyo ali see, ngati sadatulukepo chiphuphu chibadwire, dziwani kuti adadutsa m'manja mwawo. Ntchito amaidziwa, zimenezo sindingawamane. Koma ndi munthu woti mukamutuma kukagula ndowa amayamba wafunsa mzinda wonse kuti ndowa yabwino ndi iti, pobwera nayo madzi atasiya kale pa mpope.

Ine ndine Madalena, ndimagulitsa mbatatesi za ku Tsangano mumsika. Kumeneko ndiye kwathu, ngakhale ndidachokako ndili kamwana. Mayi anga adatsala konko. Tikuthawa nkhondo kulowera ku Ntcheu adadwala panjira ali ndi pakati, namwalira m'phiri, ndipo bambo anga a Ezequiel adawaika okha ndi khasu lobwereka, ine nditakhala pa mtolo wa zovala. Sindikumbukira chilichonse, ngakhale nkhope yawo. Mtendere utabwera tidabwerera, bambo adapeza ntchito kuno ku Tete, adakwatira mayi wa Chinyungwe, ndipo kudabadwa mng'ono wanga Gizela. Manda a mayi bambo adapita kukawafuna kawiri, ulendo wachiwiriwo ndili nawo, ndipo tidangozungulira mpaka mapazi kutupa. Mitengo idatha, ponseponse minda ya mbatatesi yofanana. Kuyambira pamenepo thumba lililonse likamatsika mu lole ndimadzifunsa ngati silidamere pamutu pa mayi anga.

Bambo ankati pansi ndi pamene pamawasokoneza. M'mawa umene adaika malirowo adakwera pamwamba pa phiri nayang'ana m'mbuyo, ndipo zimene adaona zidakhalabe m'maso mwawo: timitsinje tiwiri tokumana, ndi mwala wong'ambika pakati. Ankati wina atangowakweza m'mwamba akhoza kuloza ndi chala. Tinkaseka, chifukwa kwathu kunalibe wokweza munthu m'mwamba.

Kenaka Gizela adakula, mutu wake wa masamu uja udamupezera sukulu, ndipo lero amayendetsa tindege ting'onoting'ono ku Nampula, tonyamula madokotala ndi mabwana a makampani. Tsiku lina adandiimbira kuti abweretsa alendo ku bwalo la ndege la Chingodzi, adzawadikira masiku angapo, ndipo abwana ake amulola kugwiritsa ntchito ndegeyo Loweruka m'mawa, kamodzi kokha. Ndidakhala pa thumba la mbatatesi. Ndidalira mumsika momwemo, makasitomala akuganiza kuti ndaberedwa.

Ulendowo utangodziwika, amuna anga adasiya kudya ngati munthu. Mbale apa, foni apa, akuonera anthu akunja akuuluka m'tindege tawo ndi kufotokoza makamera. Ankandiitana ndili pakati pophika kuti ndidzaone mavuto. Loyamba linali chopukusa cha kutsogolo kwa ndege, chimene Gizela amachitcha elise. Chikamazungulira maso a munthu sachiona, koma kamera imachigwira chitapindika ngati nthochi, ndipo mankhwala ake akuti ndi kagalasi kakuda kovekera kamera. Lachiwiri linali kunjenjemera, poti ndege yaing'ono imagwedeza chithunzi mpaka Zambezi kuoneka ngati akuwira. Ndidawauza kuti ine elise sindikumufuna, Zambezi ndimamuwoloka tsiku ndi tsiku, chimene ndikufuna ndi chala cha bambo ndi pamene chikuloza. Adavomera ndi mutu, maso ali pa foni.

Makamera oti asankhepo analipo atatu. Yawo ya maukwati, yaikulu, yolemera ngati khanda. Ina yaing'ono ngati bokosi la machesi, yobwereka kwa mnzawo Gelson, imene umangoimata pagalasi n'kuiiwala, yokha n'kumadzisankhira kuwala. Yachitatu, ya maso awiri yojambula mbali zonse, adangoiona pa foni, koma adaikamba masiku ambiri ngati akufuna kukaifunsira ukwati. Poyesa ziwiri zinazo adachotsa chitetezo cha fani yathu naiika pakhomo kuti ikhale elise, ife m'nyumba tikuchucha thukuta la mwezi wa Okutobala. Adakweranso chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho uku ndi uku akujambula pazenera, mpaka kondakitala adawafunsa ngati ndi apolisi.

Yaing'ono ija adaikana. Adandionetsa mmene idajambulira munthu wokhala pafupi ndi zenera la chapa: kunja kunkaoneka bwinobwino, mtsinje ndi mabwato omwe, koma nkhope ya munthuyo inali bii.

"Apongozi anga atuluke chonchi, ngati makala?" adandifunsa. "Ayi, mayi a Takondwa. Pa ukwati lamulo ndi limodzi. Nkhope iwale, zakumbuyo zizionera zokha."

Takondwa ndi mwana wathu woyamba, ndipo akandiitana ndi dzina limenelo ndiye kuti nkhani yatha. Adasankha yaikulu ija, imene kuwala amachuna okha ndi dzanja. Ine ndinali nditatopa nazo, ndidangoti atenge iliyonse bola ijambule.

Gizela adawauzanso chinthu china pa foni, ine ndikumva. Adati m'ndege yaing'ono injini imalira moti munthu sumva ngakhale chifuwa chako, anthu amalankhulana kudzera m'mahedifoni, ndiye alamu agule chingwe cholumikiza kamera ndi mahedifoniwo. A Victorino adapita m'tauni kukachifuna. Adabwera ndi kagalasi kakuda ka elise, akumwetulira. Chingwe adati m'masitolo mulibe, n'choitanitsa ku Maputo, komanso sichofunikira kwenikweni chifukwa mawu a pamalo amangodetsa vidiyo, munthu wodziwa ntchito amaika nyimbo.

Nkhani yowawa idabwera kutatsala pang'ono. Ndegeyo inali ya mipando inayi, ndiye ndinkadziwerengera: Gizela, bambo, ine, ndi wojambula. Koma Gizela adati ndi kutentha kwa Tete, mafuta atadzaza, kandegeko sikangadzuke ndi anthu anayi. Atatu basi. Adaonjeza moseka kuti makamaka mmodzi wa anayiwo akakhala mana Madalena, kutanthauza ine mkulu wake, ndipo ndidamutukwana pang'ono, chifukwa thupi ndili nalodi. Tidakambirana kunyumba kwa bambo ku Chimadzi, pansi pa mtengo wa masawu. Ine mtima wonse unali m'ndegemo. Bambo ndi amene adagamula.

"Akwere apongozi," adatero, kunena amuna anga. "Iwe ukaona ndi maso ako awiriwo, mawa udzaiwala, kapena udzasokonezeka ngati ine. Makina saiwala. Tidzaonera tonse, ndi ana omwe."

Ndidavomera, koma zidandiwawa kwambiri.

Loweruka lija ndidaima kuseri kwa waya ku Chingodzi. Bambo adavala jekete lawo la kutchalitchi m'dzuwa lonse lija. Gizela adawakhazika kutsogolo pafupi naye, adawamanga lamba, adawaveka mahedifoni, ndipo amuna anga adadzipinda kumbuyo ndi chikamera chawo. Kandegeko kadathamanga, kadadzuka movutikira, kadakhota kulowera kumpoto. Ndidakhala pamthunzi ndi azimayi ogulitsa madzi, ndikuyankha mafunso awo mosamva.

Dzuwa litafika pamutu adabwera. Bambo adatsika maso ali ofiira, adandigwira dzanja mwamphamvu monga sadachitirepo.

"Ndapaona," adatero.

"Pati, bambo?"

"Ndapaona, mwalawo ulipo. Ndanena zonse m'mwambamo, mudzi woyambira, njira yake, zonse. Ndalankhulanso ndi mayi ako. Apongozi ajambula."

Ndidayang'ana amuna anga. Anali atawerama pa kagalasi koonera ka kamera, ataphimba ndi dzanja, ndipo sadadzutse mutu. Ndidaganiza kuti ndege yawasokoneza m'mimba. Gizela adatsanzika tsiku lotsatira, nabwerera ku Nampula ndi alendo ake.

Apa ndi pamene idayamba nyengo ya mapulogalamu. Vidiyo ya ukwati amuna anga amaikonza masiku ochepa, mwini wake asadamalize n'kutsuka mapoto obwereka. Iyi ayi. Adati pulogalamu yawo ya masiku onse ndi ya maukwati, siyingathe za m'ndege. Adatsitsa ina yaulere, ndipo idalemba dzina lake pakati pa chithunzi, pamphumi pa bambo penipeni. Adapeza ina imene akuti amakonzera mafilimu akuluakulu, koma kompyuta yawo ikangoitsegula inkatentha n'kuzima. Adayamba kuigoneka pa mabotolo a madzi oundana, madzi anga ogulitsa, fani ija ili pambali. Gelson adawapatsa ina ya chilankhulo chosadziwika, ankangodina mwamwayi. Ina ya pa foni. Ina yolipira mwezi ndi mwezi. Ndikafunsa ankandiyankha ndi mawu a ntchito, kukhazika chithunzi, kukonza mitundu, ndipo ndikayandikira ankatseka kompyuta, amvekere chosapsa sachionetsa.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndinkapita ku Chimadzi, ndipo bambo ankafunsa funso limodzi lomwelo, kuti apongozi afika pati. Apongoziwo adasiya kundiperekeza. Ulemu udawachulukira mwadzidzidzi. Ankatumiza nsomba, ankatumiza shuga, tsiku lina adatumiza mpando wapulasitiki, koma mwini wake osaoneka. Atakumana ndi bambo mwangozi pa maliro ena adagwada patali, adaomba m'manja nthawi yaitali, nazemba mwambo usadathe. Bambo adandiuza kuti ndidakwatiwa ndi munthu wamakhalidwe, ndisamamuvutitse.

Ndidawapempha bambo kuti angondiuza malowo pakamwa, ndilembe, nditumize uthenga kwa anthu a malole. Adakana. Adati pakamwa adandisocheretsa kale ulendo uja, safuna kundisocheretsanso, ndidikire chithunzi kuti aziloza ndikuona. Zimene adalankhula ndi mayi adati sangazibwereze pansi pa masawu ngati nkhani ya mpira, adazinena pamalo pake ndipo zili m'makina. Bambo anga akati ayi amakhala ayi. Ndidabwerera ku Matundo nditakwiya ndi amuna awiri nthawi imodzi.

Mvula yoyamba itagwa, mayi ake a Gizela adandiimbira ndili mumsika. Bambo adagwa akusamba. Kuchipatala adati ndi tiromboze, matenda aja oumitsa ziwalo. Moyo udatsala, koma dzanja lamanja ndi mwendo zidapita, pakamwa padakhota, ndipo mawu adatha. Ankamva zonse, maso ankatitsata, koma akafuna kulankhula kunkangotuluka kubuula, iwo n'kukwiya, n'kumenya bedi ndi dzanja lamanzere. Kulemba sadaphunzire kwenikweni, dzina lawo lokha, ndiponso ndi dzanja lomwe lidafalo. Adokotala adati ena mawu amabwerera, ena ayi, tisawakakamize.

Tsiku limene tidawatulutsa m'chipatala ndidafika kunyumba masana, ndidapeza amuna anga atakhala ndi kompyuta yawo pa mabotolo. Sindidakuwe. Ndidatseka chitseko, ndidakoka mpando, ndidawauza kuti lero sindiphika, sindisamba, sindichoka pano mpaka ndione, kaya yapsa kaya siidapse. Adayamba za mitundu. Ndidangowayang'ana. Adatsegula.

Idayamba ndi dzina la bambo m'zilembo zagolide zozungulira, ndi nyimbo ya kwaya imene amaika mkwatibwi akamalowa. Kenaka bwalo la Chingodzi, Gizela akuyendera ndege, elise akuzungulira mosalala osapindika ngakhale pang'ono. Zambezi adadutsa kamodzi, wokongola. Ndiye kudabwera bambo, ojambulidwa chakumbuyo cham'mbali. Sindidawaonepo akuoneka bwino chotero. Imvi iliyonse inkawerengeka, khungu likuwala, jekete ngati latsopano. Pakamwa pankayenda osapuma. Adadzutsa dzanja lamanja, lomwe lija, adagunda pagalasi ndi chala, nagundanso, akutembenukira ku kamera kuti atsimikize kuti ikuona. Zenera linali loyera. Osati mitambo, osati nkhungu, kuyera kwa pepala losalembapo kanthu, kuyambira pamene adayamba kuloza mpaka pamene adatsitsa dzanja napukuta m'maso.

"Kunjaku kuli kuti?" ndidafunsa.

"Kudapsa," adatero motsitsa. "Ndidachunira nkhope. M'ndege muli mdima, kunja dzuwa. Ukatsegulira nkhope, kunja kumapsa."

"Simudajambule pansi ngakhale kamodzi?"

Adati kumbuyo kumene adakhala, phiko ndi chitsulo chake zinkatchinga, komanso munthu wamkulu akamalankhula kamera siichoka pankhope, ndi mmene amachitira. Ndidawauza kuti achotse kwayayo ndimve mawu. Adachotsa. M'nyumba mudadzaza kulira kwa injini, ngati chigayo, bambo akutsegula ndi kutseka pakamwa mkati mwake. Ndidati chabwino, makina agontha, koma inu mudavala mahedifoni, mudamva, adati chiyani. Adakanda m'mutu. Adati mahedifoni ankagunda kamera ndiye adawakankhira m'khosi, ndipo ngakhale akadavala, iwo akamajambula samva zolankhulidwa. Maukwati onse amene adajambula sangathe kunena chimene mlangizi ngakhale mmodzi adalangiza, amangoyang'ana kuwala.

Mpaka apa ndinali wokwiya chabe, mkwiyo wa masiku onse wa munthu wokwatiwa ndi a Victorino. Kenaka ndidakumbukira mmene adaweramira pa kamera ku Chingodzi, ataphimba ndi dzanja.

"Mudadziwa liti?"

Adayamba kusuntha mabotolo aja, ndiye ndidafunsanso.

"Bambo a Takondwa, mudadziwa liti kuti zenera ndi loyera?"

"Titangotsika."

"Tsiku lomwelo. Bambo ali chilili, akulankhula, Gizela ali pompo ndi ndege yake."

"Ndimati pulogalamu ibweza. Amanena kuti zilipo zobweza kuwala. Ndayesa zonse, mayi a Takondwa, palibe imene ndasiya. Zimangosandutsa kuyerako kukhala kotuwa." Adapukuta thukuta ndi malaya. "Nanga ndikadayamba bwanji? Munthu wamkulu walira m'ndege, wandikhulupirira, wamana mwana wake mpando chifukwa cha ine. Ndikaime pamaso pa apongozi ndinene kuti palibe chimene ndagwira? Pakamwa pake ndikadapatenga kuti?"

Ndiye masabata onse aja sankasankha pulogalamu yokonzera vidiyo. Ankafuna yoti iwapulumutse kwa apongozi awo. Nsomba zija, shuga uja, mpando wapulasitiki, kugwada patali kuja, zonse zinali manyazi a mkamwini, ndipo manyaziwo adadya masiku onse amene bambo anali ndi mawu. Akadangonena, ngakhale kwa ine ndekha kukhitchini, ndikadapita ku Chimadzi tsiku lomwelo, bambo akadakalipa, akadatukwana makina ndi mwini wake, kenaka akadakhala pansi n'kundiuza mudzi woyambira. Ndidafuna kunyamula kompyuta ija ndi mabotolo ake n'kukaiponya pa mlatho. Ndidangotuluka panja n'kukhala pa njerwa.

Ndidamuimbira Gizela. Ndidati iwe unali pafupi nawo, phewa ndi phewa, udamva chiyani. Adayamba kulira. Adati atafika kumapiri kunali mphepo yokankha ndege ndipo ankalankhula ndi a pa wailesi, papá akulankhula mosalekeza m'makutu mwake, ndiye adadina batani lotseka mawu a okwera kuti amve bwino. Adaganiza kuti alamu akujambula ndi chingwe chija. Pang'ono pamene adamva koyambirira anali maina a midzi ndi a anthu akale, m'Chichewa cha ku phiri chimene iye, wokulira m'Chinyungwe ndi Chiputukizi, amangochigwira mchira. Chimene akanatha ndi kundionetsa pa mapu pamene adazungulira, dzanja la papá likumuuza kuti abwerezenso. Adatumiza. Chinali chigwa chonse, mana, adatero, timitsinje tambirimbiri, ndipo miyala siioneka pa mapu. Za ndege ina adati ayesa kupempha, koma tonse tinkadziwa kuti bambo sangakwerenso.

Masiku otsatira ndidaionera vidiyoyo ndekha, mawu nditatseka, ndikuyang'ana pakamwa pa bambo. Amuna anga adandionetsa batani lochedwetsa chithunzi, ndipo ndi thandizo lokhalo limene mapulogalamu awo onse adandipatsa. Mawu amodzi ndidawagwira, chifukwa ankabwerabwera: Nangondo, mmene ankaitanira mayi. Ena onse ankatha kukhala chilichonse.

Bambo sadaiwale. Ndikalowa ku Chimadzi ankajambula bokosi m'malere ndi dzanja lamanzere, n'kuloza kumsewu, kufunsa apongozi. Ndidazengereza nanenso Malamulungu awiri, ndipo ndidayamba kumva kukoma kwake kwa kutumiza nsomba m'malo mopita. Lamulungu lachitatu ndidawauza amuna anga kuti avale, anyamule kompyuta, akaionetse okha. Adapempha kuti ayeseko kaye pulogalamu ina imene yangotuluka kumene. Ndidawauza kuti akaitchulanso adzagona kwa Gelson mpaka Pasaka.

Tidawapeza bambo pakhonde, pa mpando wapulasitiki uja, atawatsamiritsa ndi mapilo. A Victorino adagwada, adaomba m'manja, adaika kompyuta pa kampando patsogolo pawo, nabwerera m'mbuyo chogwada mpaka kukhoma. Mayi ake a Gizela adabwera ndi chitenje m'manja, ana a oyandikana nawo adaunjikana pa mpanda. Zilembo zagolide zidazungulira, kwaya idayamba. Bambo adadziona okha atavala jekete, ndipo mbali ya pakamwa imene imagwira ntchito idamwetulira. Ataona Gizela adabuula mokondwa, akuyang'ana mayi ake.

Pamene munthu wa m'vidiyoyo adayamba kulankhula, bambo adaweramira kutsogolo. Adagwedeza dzanja kuti nyimbo ichoke. Amuna anga adakwawa nachotsa, injini idalira, bambo adatchera khutu nthawi ndithu, kenaka adagwedezanso dzanja kuti nayonso ichoke. Padakhala zii. Tidangoyang'ana pakamwa pawo pakale pakuyenda, chala chikugunda galasi loyera.

Ndinkadikira kuti amenye mpando. Sadamenye. Adayang'ana apongozi awo kukhoma kuja, nthawi yaitali, a Victorino maso ali pa simenti. Kenaka adandikodola. Ndidagwada pafupi, adandigwira dzanja ndi lamanzere lija, adatenga chala changa nachiika pa kompyuta, pakona ya zenera, pansi pang'ono pa chala chawo cha m'vidiyo. Adachiyendetsa pang'onopang'ono kutsika, mtsinje umodzi. Adachinyamula, adachiyendetsanso kuchokera mbali ina, mtsinje wachiwiri. Pamene idakumana adakanikiza mwamphamvu mpaka galasi lidachita mawanga, ndipo adandiyang'ana m'maso, akubuula mofunsa.

Pansi pa chala changa panalibe kanthu. Iwo ankapaona, zimenezo sindikayika, mwala ndi mng'alu wake womwe.

"Ndapaona, bambo," ndidatero.

Adandiyang'anabe. Bambo anga si munthu wonamizika, adandilera okha mu msasa wa othawa nkhondo ndipo amadziwa nkhope yanga ikamanama. Adasiya dzanja langa, adatsamira m'mapilo, natseka maso. Vidiyo idapitirira yokha mpaka kumapeto, pamene padatuluka dzina la a Victorino ndi nambala yawo ya foni, monga amachitira pa maukwati onse.

M'mawa mwake lole ya ku Tsangano idafika mumsika mochedwa, matumba ali ndi dothi lofiira lonyowa. Ndidamufunsa dalaivala ngati kumene amanyamula kuli malo okumana timitsinje tiwiri, pafupi ndi mwala wong'ambika. Adaseka, adati mayi, kumeneko timitsinje tonse timakumana, ndipo miyala anthu akuswa n'kumangira nyumba. Ndidamuuza kuti pobwerera andisungire malo kutsogolo.